Mphira za Injini ndi Liwombo la Mwana Wanga

Mwana wathu anabadwa masiku ake asanakwane. Ndiyambire pamenepo, chifukwa amene ndimawafotokozera nkhani ya galimoto ija amathamangira kunena kuti ndine mkazi wovuta, asanadziwe kuti ndinatuluka ndi kanthu kotani m'chipatala ku Nkhoma. Kanali kamtsikana kakang'ono moti chipewa chimene ndinaluka ndili woyembekezera chinkatsika mpaka kukamwa. Anamwino anati ali bwino, azingoyamwa, azifunda, ndipo ndisamajombe kusikelo. Ndinavomera ndi mutu, koma makutu anga anali pa kapumidwe kake.

Poti anali mwana woyamba, sindinabwerere kunyumba kwathu ku Nathenje. Ndinapita kwa amayi, kumudzi kwathu pafupi ndi Mitundu, kuti akandiphunzitse kusambitsa ndi kubereka kumbuyo. Amuna anga anatsala ku Nathenje, kumene amagulitsa mbewu ndi feteleza m'sitolo ya eni ake, ndipo ankabwera kudzationa Lamlungu. Ukwati wathu ndi wa chitengwa. Akwathu analola kuti ndikakhale kwa mwamuna, koma si onse analola ndi mtima wonse. Ndiye mkazi wa chitengwa akabwerera kwawo kukachira, anthu amamuwerengera miyezi. Ikangochuluka, kumjigo kumayamba manong'onong'o: kodi uja wabwereratu?

Ndili kwa amayi ndinagwidwa ndi vuto limene kuchipatala sanandichenjeze. Pamutu pa khanda pali pofewa paja, pamene mafupa sanakumane, paliwombo. Ukayang'anitsitsa pamaoneka pakugunda pang'onopang'ono. Ine ndinkapayang'ana tsiku lonse. Ndili ndi satifiketi ya zachitukuko cha m'madera, ndipo kukoleji tinaphunzirako za umoyo wa ana. Ndinkadziwa bwinobwino kuti liwombo limalowa m'kati mwana akataya madzi m'thupi, potsegula m'mimba kapena posanza. Funso limenelo ndinalikhoza pamayeso. Koma azimayi obwera kudzaona mwana ankanena zawo: osamudumphitsa, osamukwezetsa njinga pamsewu wokumbika, liwombo limagwa ndi kugwedeza. Ndinkawaseka chamumtima. Akangotuluka, ndinkatseka chitseko n'kuika chala pamutu pa mwana. Satifiketi ija inali m'sutikesi ku Nathenje, pomwe mantha ndinkagona nawo pamphasa imodzi.

Tsopano za galimoto. Amuna anga ali ndi galimoto yakale yabuluu, yotsika ngati ikufuna kununkhiza msewu. Anaigula tisanakwatirane kwa mnyamata wina wa mumzinda amene ankapikisana nayo liwiro ndi anzake. Ekizozi yake, paipi yotulutsira utsi ija, ndi yoti nkhonya imalowa, ndipo ikamabwera umaimva usanaione. Ndisaname, nanenso inandikopa. Tili pachibwenzi ndinkakonda mmene inkandikankhira kumsana wa mpando akangoiponda. Koma ndili woyembekezera inayamba khalidwe loipa. Akamasintha giya, kutsogolo kunkamveka "gu!" ngati wina wamenya chitseko ndi mpini, ndipo chogwirira giya chinkadumpha m'dzanja. Pokhota, thupi lake linkalira ngati bedi lakale. Tsiku limene ankathamanga nane ku Nkhoma, mimba itayamba kuwawa nthawi isanakwane, "gu" ameneyo ndinamumvera m'chiuno njira yonse, ndipo ndinalankhula mawu ena amene sindingawalembe pano. Ena mwa mawuwo anali akuti mwana wanga sadzakwera chinthu chimenechi.

Ine ndinaiwala kuti ndinatero. Iwo sanaiwale.

Lamlungu lina anabwera pa njinga yamoto ya kabaza. Anakhala pakhonde, patali ndi amayi monga amachitira mkamwini, ndipo amayi atapita kudimba anasendera pafupi.

"Galimoto ili kuti, bambo ake?" ndinafunsa.

"Ili pompano pa Mitundu, kugalaja kwa mnzanga uja. Tikuikonzera mwana."

"Mwana ayendetsa liti?"

Anaseka, n'kutola timiyala titatu pabwalo. Anati injini sikhala pachitsulo penipeni, imakhala pa mphira, monga mphika umakhalira pamafuwa. Amakaniko amazitcha mamawunting'i. Ziwiri zimainyamula m'mbali, ina imakhala pansi chakumbuyo, yoigwira kuti isamapendekeke ikamakoka. Zathuzo zinali zitang'ambika, ndiye injini inkagudubuka n'kumenya thupi la galimoto. "Gu" uja anali ameneyo.

"Ndiye mugula zina?"

"Zina, koma osati zofewa zija. Ndaitanitsa zolimba, zimene amaika anthu a mpikisano. Injini sidzasunthanso ngakhale pang'ono. Tiikanso chitsulo chopingasa pamwamba pa mashoko a matayala akutsogolo, china pansi, kuti thupi lisamapindike pokhota. Mudzaona, mayi ake. Mwana adzagona ngati ali pamphasa."

Ndinawakhulupirira. Zinkamveka zanzeru: chinthu chikamagwedera, uchimange. M'masabata otsatira ankanditumizira zithunzi pafoni. Mphira zatsopanozo zinali zachikasu, zonyezimira ngati sopo. Chitsulo chopingasa chija anachiwotcherera pa Mitundu pomwepo kuchokera ku paipi yokhuthala, n'kuchipaka penti yofiira. Ine ndinkawatumizira zithunzi za mwana, iwo n'kumanditumizira za mabawuti. Pena ndinkakhumudwa nazo. Pena ndinkazindikira kuti munthu uja ali yekhayekha m'nyumba, ndipo manja ake akusowa chogwira.

Mwana anayamba kulemera kusikelo, masaya anatuluka, chipewa chija chinayamba kukwana. Tsiku lina amayi, akusenda mtedza, anangoti, "Amuna ako asamadye m'malesitilanti ngati alibe mkazi." Ndinadziwa kuti nthawi yakwana. Anauza amalume, amene ndiwo ankhoswe anga, ndipo anagwirizana kuti amuna anga adzatitenge Loweruka.

Loweruka lija galimoto tinaimva ikadali kuseri kwa manda. Inafika yotsukidwa mpaka matayala. Amuna anga anabwera ndi makaniko uja, mnzawo wa kusekondale, munthu wanthabwala amene amandiitana kuti alamu. Anthu anali atasonkhana kudzatiperekeza: azakhali, oyandikana nafe, ndi amalume atavala jekete la kutchalitchi. Amuna anga anatsegula boneti kuti amalume aone. Amalume anagwira chitsulo chofiira chija, kuchigwedeza ndi mphamvu, osasuntha.

"Ichi ndiye chitsulo," anatero. "Ngolo yanga ikanakhala nacho."

Katundu analowa kubuti: ufa, mbatata, nkhuku yomangidwa miyendo, matewera. Kubuti kutadzaza, amayi anabwera ndi mbale ya malata yodzaza mtedza wosenda, n'kuiika pampando wa kumbuyo, pambali pa malo anga. Ndinalowa, anandipatsira mwana, ndinamukhazika pamiyendo. Azakhali anayamba kanyimbo kotsanzika. Amuna anga anandiyang'ana pagalasi, akumwetulira, n'kuliza injini.

Choyamba kumva anali mapazi anga. Pansi pa galimoto pankanjenjemera ngati ndaponda pachigayo. Kenako kunjenjemerako kunakwera mumpando, m'msana, mpaka m'mano. Nkhope ya amuna anga pagalasi paja inasanduka nkhope ziwiri. Ndiye ndinamva phokoso pambali panga. Mtedza m'mbale muja unali kuvina. Unkadumphadumpha, kumenya malata, wina kutuluka n'kugwera pansi. Galimoto inali isanasunthe n'komwe.

Ndinayang'ana mwana. Sanalire. Maso anali chitsegulire, masaya aja akunjenjemera. Ndinakweza chipewa. Sindikudziwa ngati ndinaonadi chimene ndinaona, koma kwa ine liwombo linkaoneka likuvina limodzi ndi mtedza.

"Zimitsani," ndinatero.

"Mwati?"

"Zimitsani, bambo ake!"

Ndinatsegula chitseko n'kutuluka, mwana ali pachifuwa, ndipo sindinaime mpaka pakhonde. Nyimbo ija inaduka pakati. Nkhuku yokha ndiyo inkamveka kubuti.

Chimene ndinanena pakhonde paja chinali chakuti mwana sakwera. Chimene anthu anamva chinali chakuti ine sindipita. Ndinaziona pankhope zawo. Azakhali anamanganso chitenje chimene chinali chomanga kale. Mayi wina woyandikana nafe anati, "Hmm," ndipo "hmm" ameneyo ndinadziwa kuti afika kumjigo dzuwa lisanalowe. Amalume ananditengera kuseri kwa nkhokwe.

"Iwe, kodi pali nkhani?"

"Palibe, amalume. Galimoto ikunjenjemera."

"Galimoto zonse zimanjenjemera. Ngati amuna akowa anakulakwira, nena, tikhale pansi. Osati kutichititsa manyazi pagulu."

"Sanandilakwire."

"Nanga bwanji? Ukwere minibasi ndiye, ukazungulire kutauni."

Ndinapukusa mutu. Minibasi ndinkaiopanso, anthu othithikana, wina akutsokomolera mwana. Komanso nkhani sinali ya ulendo umodzi wokha. Ku Nathenje mwana akadzatentha thupi, chodzatithamangitsira ku Nkhoma chinali galimoto yomweyo. Ngati sindikanatha kukweramo ndi mwana, sindikanatha kukakhala kumeneko. Izi ndikuzilongosola bwino lero. Tsikulo ndinkangolira, amalume n'kumayang'ana kumwamba.

Titabwerera kubwalo ndinapeza amuna anga ataima pambali pa galimoto, makiyi ali m'manja. Ndinaganiza kuti akwiya, atsitsa katundu n'kumapita. Akanatero, sindikudziwa kuti nkhani yathu ikanathera pati. Koma iwo anapereka makiyi kwa mnzawo, n'kutsegula chitseko cha kumbuyo. Chigulireni galimoto ija anali asanakhaleko kumbuyo. Anakhala pamalo panga, maondo atagunda mpando wa kutsogolo.

"Taliza," anatero.

Makaniko analiza. Mtedza unayambanso gule wake. Amuna anga anauyang'ana nthawi yaitali. Anaika dzanja pampando, kenako pakhosi pawo, kenako anatola mtedza umene unagwa.

"Kodi masiku onsewa imachita chonchi?"

"Chiikireni," anatero makaniko. "Si paja tinkati ndiye yachira? Munkati mukuimva mphamvu m'manja."

"Kutsogoloko imamveka ngati mphamvu. Kuno ikumveka ngati malungo."

Makaniko anazimitsa, n'kukanda m'mutu. Anatsegulanso boneti, onse awiri n'kumayang'ana mphira zachikasu zija ngati akuyang'ana mwana amene wawanamiza. Ndinamva amuna anga akuti, chapansipansi, "Ndiye kuti zofewa zija zinali ndi ntchito yake. Zinkameza." Injini sinasiye kunjenjemera chifukwa choimanga. Kale inkanjenjemera yokha pa mphira zake, tsopano inkanjenjemeretsa galimoto yonse ndi onse okhalamo.

"Alamu," anatero makaniko, akundiyang'ana pakhonde, "mwatigwira. Ife timaganiza kuti tikupanga bedi, chonsecho tikupanga chigayo."

Palibe anaseka kupatula amayi, amene anabisa kukamwa ndi chitenje.

Anatsitsa nkhuku ndi ufa. Amuna anga ananjuta pamaso pa amalume n'kupempha sabata ina, akafune mphira zofewa kutauni. Amalume anavomera, koma mawu awo anali ouma. Galimoto inachoka yopanda ife.

Sabata imeneyo sindinapite kumjigo. Nkhani zinkandipeza pakhomo pomwepo. Ena ankati ndapeza mwamuna wina wa kukoleji. Ena ankati amuna anga ali ndi mkazi ku Nathenje ndipo ndinanunkhiza mafuta ake onunkhira pampando. Azakhali anabwera kudzandiuza kuti chipinda changa chikadalipo, ndisadzikakamize. Amayi sanalowerere. Ankangoti, "Yamwitsa mwana." Amuna anga anaimba kamodzi kokha pakati pa sabata, ndipo sanatchule za manyazi.

"Pankagwedezeka kwambiri ndi pati, kumapazi kapena kumsana?"

"Kumapazi. Ndi m'mano."

"Chabwino. Ndapeza zofewa, zochotsa ku galimoto ina, koma zabwinobwino. Tiika Loweruka."

"Nanenso ndibwera."

"Kugalaja?"

"Eya. Ndi mbale ija."

Loweruka m'mawa ndinayamwitsa mwana mpaka anagona, ndinamupereka kwa amayi, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwireni ndinamusiya. Ndinabwerera kuchokera panjira kukawauza amayi kuti asamuvule chipewa. Amayi anandilozera njira ndi chibwano. Ndinayenda wapansi mpaka pa Mitundu, mbale ya mtedza ili pamutu, ngati ndikukagulitsa.

Galaja ya mnzawoyo ndi bwalo chabe pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa msika, ndi dzenje lolowamo munthu pansi pa galimoto. Dothi lake ndi lakuda ndi oyilo. Anandipatsa tayala lakale kuti ndikhalepo. Ndinakana, ndinaima pafupi kuti ndizionerera. Anaika jeke pansi pa injini, pakati n'kuikapo thabwa kuti chitsulo chisaboole, ndipo anaikweza pang'ono kuti kulemera kuchoke pa mphira. Amuna anga anavula shati ya kuntchito n'kugwira sipanala. Ndinali ndisanawaonepo akugwira ntchito imeneyi. Munthu amene kunyumba amataya makiyi kawirikawiri ankafola mabawuti pansalu mwadongosolo, lililonse pamalo pake, ndipo asanamange ankalipukuta kaye ndi chala.

Mphira yachikasu yoyamba itatuluka anandipatsa kuti ndiigwire. Inali yolimba ngati chiboda cha ng'ombe. Anandipatsanso yakuda imene anagula. Imeneyo ukaikanikiza ndi chala chachikulu inkalola pang'ono, n'kubwerera.

"Kusiyana kwake n'komweku?" ndinafunsa.

"N'komweko, alamu. Kakang'ono komweko."

Atasintha ziwiri za m'mbali, anatsitsa jeke. Ndinalowa kumbuyo, ndinaika mbale pampando, ndinavula nsapato kuti mapazi amve bwino. Analiza. Mtedza unagwedezeka kamodzi injini ikudzuka, kenako unakhala pansi. Unkangonong'ona. Nkhope ya makaniko pagalasi inali imodzi.

"Bwanji abwana oyesa?" anafunsa. "Takhoza?"

"Yachitatu ija mwaisiya."

Apa ndiye panabuka mkangano. Ine ndinkafuna chilichonse chachikasu ndi chofiira chichoke, galimoto ibwerere mmene inalili. Amuna anga anatuluka m'dzenje, nkhope ili ndi oyilo, n'kunena kuti mmene inalili ndi mmene munali "gu" uja. Ya pansi ija ndi imene inkayamba kung'ambika, chifukwa injini imeneyi ili ndi mphamvu zoposa mphira wamba, ndipo misewu yathu ndi yomwe ndikuidziwa. Akaika yofewa pamenepo, mvula ikamadzatha idzakhala itang'ambikanso.

"Ndiye mukufuna mwana azinjenjemera pang'ono?"

"Ndikufuna tsiku lothamanga naye, galimoto isadzatisiye panjira."

Anali atatchula chimene ndinkachiopa kuposa liwombo.

"Nanga zitsulozi?" ndinafunsa.

"Zitsulo sizikhudza injini, mayi ake. Zimagwira thupi. Kulira kwa bedi kuja mwakumvanso?"

Ndinati sindingadziwe galimoto itaima. Ndiye anatsuka m'manja ndi sopo wa ufa, tinasiya makaniko akudya chinangwa, n'kulowa msewu wafumbi wopita chakumaesiteti a fodya. Ine kumbuyo, mbale pambali. Anayendetsa monga amayendetsera masiku onse, osanyengerera, chifukwa ndinawauza kuti asandinamize. Anasintha giya, ndinadikira "gu". Sanabwere. Tinakhota pamphambano pamene madzi anakumba ngalande, galimoto inapendekeka, ndinadikira kulira kwa bedi. Kunalibe. M'mabampu mtedza unkadumpha, koma kudumpha kwa msewu, kumene ngakhale ngolo imadumpha, osati kunjenjemera kuja kolowa m'mano. Galimoto inkamveka ngati chinthu chimodzi, osati zidutswa zomangidwa ndi luzi.

Titabwerera kugalaja ndinapempha atsegule boneti injini ikulira. Makaniko anaponda mafuta. Ndinaona injini yonse ikupendekeka pang'ono, ngati munthu akusuntha phewa, n'kubwerera pamalo pake. Ndinailoza ndi chala.

"Ikusuntha!"

"Izisuntha," anatero amuna anga. "Ikamasuntha yokha, inu simumva."

Ndinaima pamenepo ndithu, kuyang'ana ikupita n'kubwerera. Chitsulo chofiira chija chinali pamwamba pake, chili phee.

"Yachitatuyo ikhale," ndinatero. "Zitsulonso zikhale."

"Aleluya," anatero makaniko. "Achimwene, pepani. Munali ndi galimoto ya mpikisano, tsopano muli ndi ambulansi."

Amuna anga anaseka, koma ndinawaona mmene anatolera mphira ziwiri zachikasu zija. Anazipukuta ndi nsalu, kuzikulunga m'pepala la simenti, n'kuziika pansi pa mpando wawo. Pobwerera kumudzi anandiuza kuti ndi zolimba zija giya inkalowa ngati mpeni m'papaya, ndipo kwa masabata ochepa aja galimoto inkawamvera kuposa kale lonse. Sanadandaule. Anangonena, ndipo ine ndinamva kuti pali chimene ataya. Ndinawafunsa ngati adya. Mabere anali atayamba kundiwawa. Titafika ndinatuluka galimoto isanaimitsitse. Mwana ndinamupeza ali kumbuyo kwa amayi, iwo akupeta, chipewa chitavuka kalekale, ali m'tulo.

Tinanyamuka mawa lake titaweruka kutchalitchi. Panalibenso nyimbo. Anabwera amalume okha, opanda jekete, ndi azakhali amene anaimirira patali, manja kumbuyo, kudikira kuona ngati nditulukenso. Nkhuku ija inamangidwa kachiwiri, ikudandaula. Amayi anaika mbale ya mtedza pamalo pake, anandipatsira mwana, kenako anawerama pazenera.

"Ukayamba kuyang'ana pamutupo, uziyang'ananso kumaso," anatero. "Mwana ali kumaso."

Amuna anga analiza. Mtedza unagwedezeka kamodzi n'kukhala. Ndinamva maso a anthu onse ali pachitseko changa. Ndinachigwira, n'kuchikoka kuti chitsekeke bwino.

Tinadutsa njira yafumbi ya m'midzi, yotulukira ku Nathenje osazungulira kutauni. Inali nthawi yokolola, mapesi ali mikukwe m'minda, fumbi likutitsatira pambuyo. Amuna anga ankayendetsa pang'onopang'ono mpaka munthu wa njinga yonyamula makala anatipitirira, n'kutiyang'ana modabwa. Dzanja langa lamanja linali pamutu pa mwana, pansi pa chipewa. Liwombo linkagunda kugunda kwake, osati kwa injini. Ndinkawerenga kugundako, n'kusokoneza, n'kuyambiranso. Mwana anayang'ana denga la galimoto kwa kanthawi, anayasamula, kenako anafuna bere. Ndinamupatsa. Amuna anga anayamba kundiuza za kunyumba: kuti mpopi wa pafupi unakonzedwa, kuti mayi wa nyumba yoyandikana nafe amafunsa za ine tsiku lililonse, kuti maungu amene ndinabzala kuseri anabereka ndipo iwo sankadziwa chochita nawo. Ndinawafunsa ngati anachapako makatani. Anati makatani amachapidwanso? Tinakangana pang'ono za makatani.

Matayala atagwira phula pa Nathenje, phokoso la miyala linatha mwadzidzidzi, ndipo m'galimoto munakhala bata. Ndipamene ndinazindikira kuti ndikutafuna. Dzanja langa lamanja linali m'mbale, likutola mtedza wauwisi. Sindikudziwa kuti linachoka liti pamutu pa mwana. Ndinathamangira kulibwezera, kenako ndinayang'ana kumaso kaye. Anali atagona, mkaka uli pamlomo.

"Tafika, mayi ake," anatero amuna anga.

Mayi woyandikana nafe uja anatuluka akupukuta m'manja, akufuula kuti alendo, alendo. Ndinamupatsa mwana kuti amunyamule, ine n'kutsika ndi mbale.

Liwombo linatsekeka lokha pa nthawi yake, monga ndinalembera pamayeso paja. Pena pomupesa ndimapagwirabe, pali fupa lolimba. Mantha sanathe, anangosamukira kwina: tsopano ndi chitsime cha kuseri, ndi msewu waukulu umene uli pafupi kwambiri ndi nyumba. Ku Nkhoma tathamangirako ndi galimoto ija, mwana atatentha thupi, ndipo sinatisiye panjira. Mphira zachikasu zija zilipo. Imodzi ili pamwamba pa kabati, m'pepala lake lomwe lija. Inayo mwana anaipeza atayamba kukwawa, ndipo ndi imene timatsekerezera chitseko cha kukhitchini kukakhala mphepo.